Mivi Itatu Kapena Isanu ndi Umodzi?

Ana a ku Golomoti ndi ku Mtakataka amadziwa kupinda nsungwi n'kupanga uta, koma ambiri akayamba kuponya salekeza mpaka mivi ithe. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tiyenera kudziwa mlingo wake tisanawaimike patsogolo pa chandamale.

Pa mipikisano ya m'nyumba, pa mtunda wa mamita 18, munthu amaponya mivi 3 n'kupita kukazula. Pa masewera a Olimpiki, kumene Areneo David anaimira Malawi ku Rio mu 2016, gawo loyamba limakhala la mivi 72 pa mamita 70, koma amaponya 6 yokha pa ulendo umodzi.

Kwa wongoyamba kumene, ife tikuti itatu. Muvi umodzi suulula kanthu, mwina yaupatutsa ndi mphepo ya kunyanja chabe. Koma itatu yonse ikalasa kumanzere, vuto lili pa kaimidwe kapena pa kasiyidwe ka chingwe, ndipo likonzedwe pomwepo. Ikachuluka, phewa limalema, chigongono chimagwa, dzanja n'kuzolowera kaponyedwe kolakwika. Ndi kutentha kwa Okutobala kwa Kachindamoto, zimenezi sizichedwa. Ulendo wokazula miviwo ndiwo mpumulo wa phewalo, koma pasapezeke wopita kukazula mnzake akadali ndi muvi pa uta.