MMENE AKATSWIRI AMAYEZERA UMOYO WA BANJA

Alimi nonse, pamodzi ndi inu a m'maesiteti, mudziwa kuti posankha fodya sitiyang'ana chinthu chimodzi chokha. Timaona mtundu wa tsamba, kutalika kwake, pamene linali pa mtengo, ndiponso ngati liri ndi mawanga. Zonsezi zikaphatikizidwa ndipo pamatuluka giredi imodzi. Akatswiri ofufuza za umoyo wa anthu amachitanso chimodzimodzi pofuna kudziwa ngati banja liri losauka. Ndalama za pa msika zokha sizikwanira, pakuti zimabwera kamodzi pa chaka n'kutha.

M'chaka cha 2010 bungwe la UNDP ndi akatswiri a ku Oxford anakonza muyeso wa umphawi wophatikiza zinthu khumi, zimene anazigawa m'magulu atatu: thanzi, maphunziro ndi kakhalidwe ka pakhomo. Magulu atatuwa anawapatsa kulemera kofanana.

Kuti mumvetse bwino, tiyerekeze kuti mapointi onse ndi 18, gulu lirilonse 6. Pa thanzi pali zinthu ziwiri: kunyentchera, ndi imfa ya mwana m'zaka zisanu zapitazi. Chirichonse ndi mapointi 3. Pa maphunziro palinso ziwiri, za mapointi 3 chirichonse: ngati pakhomo palibe amene anatsiriza zaka 6 za sukulu, ndi ngati pali mwana wa msinkhu wa sukulu amene sapita. Pa kakhalidwe ka pakhomo pali zinthu 6, chirichonse pointi imodzi: zophikira, chimbudzi, madzi akumwa, magetsi, nyumba, ndi katundu monga wailesi, njinga kapena ngolo. Banja likasowa chinthu limalembedwa mapointi ake, ndipo akafika 6 limawerengedwa losauka.

Taonani chitsanzo. Banja lina limaphikira nkhuni, liribe magetsi, ndipo nyumba yake ndi yofolera udzu. Apa mapointi ndi 3. Tsono ngati mwana mmodzi aleka sukulu kuti azisoka fodya m'chigafa, mapointi atatu ena awonjezeka, ndipo banjalo lalowa m'gulu la osauka, ngakhale mabelo ake agulidwe pa mtengo wabwino. Motero pa muyeso uwu mwana mmodzi wosapita ku sukulu alemera mofanana ndi kusowa kutatu kuja pamodzi.

Dziwaninso kuti kulemera kumeneku anakusankha ndi anthu. Akadati magetsi akhale mapointi 3, mabanja ena akadasintha gulu. Komanso mabanja awiri angakhale ndi mapointi ofanana pamene mavuto awo ndi osiyana: lina lisowa madzi abwino, lina liri ndi mwana wonyentchera. N'chifukwa chake akatswiri sayang'ana chiwerengero chomaliza chokha, koma amabwereranso ku zinthu khumi zija chimodzichimodzi.

Chotero anthu a kafukufuku akafika pakhomo panu, ayankheni zoona. Ena amabisa njinga ndi wailesi poganiza kuti alandira thandizo. Ena amachita manyazi kunena kuti alibe chimbudzi. Onsewa amasokoneza chiwerengero, monga amene aika fodya woipa pakati pa belo. Ngati mudzi umene umamwa madzi a padambo ulembedwa kuti uli ndi madzi abwino, okonza za chitukuko adzaona ngati mjigo sukufunika kumeneko. Wofunsayo ntchito yake ndi kulemba basi, koma zimene alembazo ndizo zidzawerengedwe ku likulu.