Matabwa a pansi: zomwe timauzana ndi zomwe thabwa limachita

Mlamu wanga atangomaliza kufolera nyumba yake ku Lilongwe, ananena kuti pabalaza sakufuna matailosi, akufuna matabwa. Tsiku lomwelo aphungu anachuluka. Wina anati chiswe chidzamaliza zonse chaka chisanathe. Wina anati, "Bola mugule mlombwa alamu, enawa ndi masewera." Mmisiri nayenso analonjeza kuti matabwa akafika Lolemba, pofika Loweruka tidzakhala tikuyendapo. Onsewa ankamufunira zabwino, ndipo aliyense anali ndi pomwe ankalondola. Kungoti palibe anatchulapo za madzi.

Chiswe ndicho chimatisowetsa tulo, ndiye tiyambe nacho. N'zoona kuti chimadya mtengo, koma chimasankha, ngakhale pa thabwa limodzi lomwe. Tayang'anani thabwa la mlombwa: pakati ndi pofiirira, m'mbali ndi moyera. Pofiirirapo ndiye mtima wa mtengo, ndipo chiswe ndi tizilombo tofumbwitsa matabwa sitiukonda. Choyeracho ndiye ndiwo yawo. Ogulitsa ena ochenjera amapaka utoto kuti thabwa lonse lioneke lofiira, choncho pogula palani pang'ono m'mbali ndi mpeni, muone zomwe zili mkati. Komanso chiswe sichigwa kumwamba. Chimachokera m'dothi, n'kulowa kudzera m'ming'alu ya simenti ndi m'mphepete mwa khoma. Nkhondo yake imamenyedwa pomanga maziko, pothira mankhwala m'dothi simenti isanathiridwe.

Ambiri timaganizanso kuti mtengo uliwonse umene amalonda amautcha hardwood ndi wolimba ngati mwala. Dzinali limangotanthauza mitengo ya masamba otambalala, kusiyanitsa ndi gulu la paini. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, uli m'gulu la ofewa, koma chiswe chimauthawa chifukwa cha mafuta ake onunkhira aja. Mbiri imeneyi ndi yomwe yaupha, moti paphiri paja watsala pang'ono kutheratu, ndipo wina akabwera nawo pakhomo panu, mukaneni. Mbawa ili m'gulu la olimba, ndipo pa chitseko kapena pa tebulo siilephera, koma pansi imabonyoka msanga. Mwendo wa mpando kapena chidendene cha nsapato yosongoka chimasiyapo chizindikiro. Bulugamu amene timamunyoza kuti ndi wa mapolo ndi nkhuni ndi wolimba ndithu, ndipo ku South Africa mtundu wake wa saligna amauyala pansi m'nyumba zabwinobwino. Chilema chake n'chakuti akaumitsidwa mothamanga amang'aluka ndi kupindika.

Apa ndiye pagona nkhani. Thabwa, ngakhale lidulidwe kalekale, silisiya kumwa ndi kulavula chinyezi. M'dzinja limafufuma, m'chilimwe limafota, ndipo limachita zimenezi m'lifupi mwake kwambiri kuposa m'litali. Thabwa limodzi likafufuma ndi milimita imodzi simungaone kanthu, koma matabwa 40 oyalidwa moyandikana akafufuma pamodzi amafuna malo okwana zala ziwiri kapena kuposa. Akawasowa amakankhana mpaka pakati pabalaza pamatukuka ngati mzere wa mbatata. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amasiya mpata wa pafupifupi sentimita imodzi pakati pa matabwa ndi khoma, n'kuubisa ndi kathabwa kozungulira m'munsi mwa khoma kaja. Mwini nyumba akauona mpatawo amayesa mmisiri walakwitsa muyeso. Ayi, musamukakamize kuutseka.

Matabwa ambiri amene timagula m'misika amakhala atangochoka kwa ocheka, akadali aawisi. Kunja amaoneka ouma chifukwa cha dzuwa, koma mukawanyamula amalemera, mukawagwira mkati mwa mulu amazizira. Amisiri akale ankati thabwa lokhuthala inchi imodzi limafuna pafupifupi chaka kuti liume lokha, litasanjidwa pamthunzi, timitengo titaikidwa pakati kuti mphepo izidutsa. Kuliyanika padzuwa ngati chimanga sikufulumiza kanthu, kumangoumitsa khungu n'kuling'alula. Loyala pansi liyenera kutsala ndi madzi okwana pafupifupi magawo 10 kapena 12 pa 100 alionse, ndipo kachipangizo koyezera chinyezi kamakwana m'thumba la malaya. Wogulitsa amene ali nako, ndipo sakuopa kukabaya pa thabwa inu mukuona, ameneyo ndiye wogula naye.

Simenti ya pansi nayo imafuna nthawi yake. Pamwamba pamauma m'masiku ochepa, koma mkati madzi amatuluka pang'onopang'ono, pafupifupi mwezi pa inchi iliyonse. Ngati omanga sanayale pulasitiki wakuda uja asanathire simenti, chinyezi cha m'dothi chizikwera chaka ndi chaka. Kuyesa kwake n'kosavuta: matani pulasitiki pansi ndi tepi mbali zonse, mudikire masiku awiri. Mukapeza kunsi kwake kwachita thukuta kapena simenti yada, matabwa ayambe adikira. Akafikanso kunyumba, agone kaye m'chipinda momwe akayalidwemo kwa sabata imodzi kapena ziwiri kuti azolowere mpweya wa mmenemo. Chinyezi cha ku Thyolo m'nyengo ya chiperoni si chimodzi ndi kuuma kwa ku Salima mu Okutobala.

Mlamu uja anamvera lonjezo la Loweruka. Anayala mu Febuluwale mvula ikugwa, ndipo kunali kukongola kwake. Pofika Okutobala, m'mipata ya matabwa munkalowa ndalama yachitsulo choimirira, ndipo mayi wa pakhomo ankachotsamo nyenyeswa za mpunga ndi msomali. Unali mlombwa weniweni, umene umadziwika kuti sufota kwambiri poyerekeza ndi mitengo ina. Koma unali wauwisi.

Za mlombwazo, ine ndimati tizidzifunsa kawiri. Umatenga zaka makumimakumi kuti ufike pochekedwa, ndipo m'nkhalango zathu waukulu ukusowa. Mu 2022, ku Panama, pa msonkhano wa CITES, pangano la maiko loteteza zachilengedwe pa malonda, mitengo ya mu Africa ya m'banja la mlombwa ndi la mbawa inaikidwa pa mndandanda wa yofunika chilolezo poigulitsa kunja kwa dziko. Kuno kwathu, matabwa a mitengo yachilengedwe amayenda ndi chikalata cha a zankhalango, ndipo kufunsa kuti muchione si mwano. Njira ina imene ambiri amaiderera ndi timatabwa takale tochotsedwa m'nyumba zomwe zikukonzedwa. Tina ndi ta mukusi wa kumadzulo kwa Zambia, mtengo umene unachititsa kuti njanji ya ku Mulobezi imangidwe kuchokera ku Livingstone. Timaoneka takuda ndi phula komanso polishi wa zaka zambiri, koma tinauma kalekale, ndipo tikapalidwa ndi makina timatuluka ngati tatsopano. Zimenezi sizingatheke ndi zonga matabwa zotchedwa laminate zija, poti pamwamba pake ndi chithunzi chabe cha mtengo. Zikakalika kapena kumwa madzi, zatha.

Chotsala ndi chizolowezi chathu cha m'mawa. Tinakula ndi simenti yofiira, yofuna ndowa yodzaza, chikolopa chodontha ndi kobula. Thabwa silifuna zimenezo. Kusesa ndi tsache lofewa n'kupukuta ndi nsalu yofinyidwa bwino n'kokwanira, ndipo mchenga wobwera ndi nsapato ndi umene umadya vanishi, choncho pakhomo pasasowe chopondera. Kubafa ndi kukhitchini kumene madzi amatayika tsiku ndi tsiku, ikaniko matailosi.

Ngati ndalama ya matabwa ilipo chaka chino, gulani, muwasanje pamthunzi, mumalize pulasitala ndi penti. Mudzayale chilimwe cha chaka chamawa.