Za Maluwa a pa Khonde ndi a m'Nyumba Amene Safuna Nchito Yambiri



Pamene tiyenda m'midzi m'mwezi wa Okutobala, dziko lonse liri mbuu, udzu wapsa, mitengo yayoyoka masamba, ndipo mphepo ingonyamula pfumbi m'mabwalo. Koma pa nyumba zina tiona kanthu koimitsa mlendo: pa khonde pali mphika wakale kapena chitini, ndipo m'menemo muli chomera chobiriwira bwino, monga ngati mvula inagwa dzulo. Amai ambiri atiuza kuti iwonso afuna zotere, koma anayesa ndipo zinafa. Ena ati madzi ali kutali, ndipo ndowa imene asenza kuchokera ku mjigo singakwanire ana, nsima ndi maluwa omwe. Mau amenewa ali oona, ndipo ife sitifuna kuonjezera katundu pa mutu wa amai. Chifukwa chache mwezi uno tikuuzani za zomera zopirira ludzu, zosafuna ndalama, zimene munthu angazisiye sabata yathunthu ndi kuzipeza ziri moyo.

Tiyambe ndi kuulula kulakwa kwathu. Ifenso tinapha zomera zambiri pa khonde pathu, ndipo sitinazipha ndi chilala ai, koma ndi madzi. Tinali kuzithirira m'mawa ndi madzulo. Pamene masamba anayamba kusanduka achikasu, tinayesa kuti ziri ndi ludzu, ndipo tinaonjeza madzi. Tsiku lina pozula chimodzi tinapeza mizu yache yakuda, yofewa ndi yonunkha. Pamenepo tinaphunzira kuti mizu nayo ipuma mpweya, ndipo ngati dothi likhala lodzala madzi masiku onse, mizu itsamwa ndi kubvunda. M'munda madzi otsala alowa pansi, koma mu mphika alibe kopita. Gwirani mau awa, pakuti zonse tidzanena zichokera pomwepa: chomera cha mu mphika chifa kawirikawiri ndi madzi ochuluka koposa ndi ludzu.

Zomera zisanu zopirira

Chinthu chodabwitsa ndi ichi, kuti zambiri mwa zomera zimene anthu a ku Ulaya agula ndi ndalama kukaika m'nyumba zao, kwao ndi kuno ku Afrika. Zinazolowera chirimwe chathu kalekale, ndipo chiri chonse chiri ndi nkhokwe yache yosungiramo madzi, china m'masamba, china m'mizu.

Choyamba ndi chija cha masamba atali olimba, oima chiriri ngati malupanga, a mizere yobiriwira modera ndi moyera. Chidziwika ndi dzina lakuti Sansevieria, ngakhale kuyambira 2017 odziwa za zomera anachiika m'gulu la Dracaena. Angelezi achitcha lilime la apongozi, chifukwa cha kutalika ndi kusongoka kwache. Chimene chiri m'nyumba zambiri chinachokera ku maiko a kumadzulo kwa Afrika, koma abale ache amera m'thengo mwathu muno, pa zulu ndi pa miyala, ndipo m'masamba ao anthu akale anali kutengamo luzi la zingwe ndi nsinga za uta. Chipirira mthunzi ndi dzuwa lomwe. Pofuna kuchichulukitsa, gawani tsinde lache la pansi ndi mpeni, gawo liri lonse ndi mphukira yache. Mungadulenso tsamba m'zidutswa zotalika ngati chikhato, ndi kuzizika mbali ya kumunsi pansi. Koma dziwani kuti ngati chanu chiri ndi mzere wachikasu m'mphepete, ana otuluka m'zidutswa za tsamba sakhala nao mzerewo.

Chachiwiri ndi Zamioculcas, cha masamba onenepa onyezimira monga opakidwa mafuta, ondandalika awiri awiri pa phesi. Ichi ndi chathu ndithu, pakuti chimera m'nkhalango kuyambira ku Kenya, ku Tanzania, ku Malawi, ku Mozambique kufikira ku South Africa. Chinalembedwa m'mabuku ku London m'chaka cha 1829, koma chinafala m'maiko onse kuyambira 1996, pamene alimi a maluwa a ku Holland anayamba kuchichulukitsa ndi kuchigulitsa. Pansi pa dothi chiri ndi zinthu zonga mbatata zosunga madzi, ndipo chikhoza kukhala masabata angapo chosathiriridwa. Chikonda mthunzi, kotero chiyenera m'kati mwa nyumba, pafupi ndi zenera. Chikula pang'onopang'ono, musachikakamize ndi madzi.

Chachitatu ndi alovera, amene ambiri a inu mumdziwa. Iye anachokera ku Arabia, koma abale ache ambiri ali m'mapiri mwathu, ndipo muwaona achita maluwa ofiira m'nyengo ya chisanu. Afuna kuwala kwambiri ndi dothi la mchenga. Pa tsinde pache pamera ana, amene mungawapatule ndi kuwaoka m'miphika yao. Zoterera za m'kati mwa tsamba lache zitonthoza kakupsa kakang'ono, mutayamba mwathira madzi ozizira pa malo opsawo nthawi yaitali. Koma mwana akapsa kwambiri ndi moto kapena phala, thamangani naye ku chipatala. Madzi achikasu owawa otuluka pansi pa khungu la tsamba atsegula m'mimba kolimba, ndipo ana ndi amai apakati asamwe ai.

Chachinai ndi Chlorophytum, cha masamba ang'onoang'ono atali ngati udzu, a mzere woyera. Mwamuna wa ku Sweden, Carl Thunberg, amene anayenda ku South Africa kusonkhanitsa zomera, anachilemba m'chaka cha 1794. Chiturutsa timapesi titalitali tolendewera, ndipo kumapeto kwache kumera tiana tonga akangaude. Tsamiritsani kamwana kamodzi pa dothi la m'chitini china, ndipo pakupita masabata awiri kapena atatu kagwira mizu. Pamenepo dulani phesi. Chomera ichi chiribe ululu, ndipo ndicho choyenera nyumba ya ana okwawa. Chikoma kwambiri mukachipachika pa mtanda wa khonde, kumene mbuzi sizifika.

Chachisanu, kwa iwo ofuna maluwa enieni ofiira, oyera kapena ofiirira, ndi Geranium. Kwao ndi ku Cape, ku South Africa, ndipo anafika ku Ulaya zaka zoposa 300 zapitazo. Iye afuna dzuwa la m'mawa maora anai kapena kuposa, apo ai angotalika wopanda maluwa. Dulani kanthambi kotalika ngati chala chachikulu cha pakati, chotsani masamba a kumunsi, kasiyeni pa mthunzi tsiku limodzi kuti bala liume, ndipo kazikeni m'dothi lonyowa pang'ono. Maluwa akafota athyoleni, kuti ena aturuke.

Za mphika ndi dothi

Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa nkhani iyi poyamba pache ndi mphika. Simusowa kugula kanthu. Mphika wadothi umene wang'aluka, wosayeneranso kuphikira ndiwo, ndiwo wopambana zonse, pakuti dothi loumba lipuma ndi kuziziritsa mizu. Chitini, ndowa yodontha, kapena chigubu chodulidwa pakati zithandizanso. Koma chiri chonse chikhale ndi zibowo pansi. Boolani zitatu kapena zinai ndi msomali, ndipo pa chibowo chachikulu bvundikirani kaphale kamodzi kuti dothi lisatayike. Chotengera chopanda chibowo ndi manda a chomera. Musasankhe mphika waukulu kwa chomera chaching'ono, chifukwa dothi lochuluka lisunga madzi amene mizu yochepa singathe kumwa.

Dothi la makande la ku dambo musatenge, pakuti likanyowa limata, ndipo likauma lilimba ngati njerwa. Tengani miyeso iwiri ya dothi lakuda la pansi pa mitengo, pamene masamba aolerana, muyeso umodzi wa mchenga wa kumtsinje, ndi muyeso umodzi wa manyowa akale oola bwino, amene sanunkhanso. Ndowe zaziwisi ndi zitosi zatsopano zitentha mizu. Kwa alovera ndi Sansevieria onjezani mchenga. Musadzaze mphika kufikira pakamwa. Siyani malo a zala ziwiri kuti madzi akhalepo pothirira.

Za kuthirira

Musathirire potsata tsiku, koma funsani dothi. Pisani chala m'dothi kufikira mfundo yachiwiri. Ngati chituruka chonyowa, ndi dothi lomatirira, lekani; ngati chituruka chouma, thirani madzi kufikira ayamba kudontha pansi, ndipo musathirenso mpaka dothi liume. Mudzaona kuti m'chirimwe kamodzi pa sabata kakwanira zambiri mwa izi, koma Geranium ndi Chlorophytum za m'zitini zazing'ono zifuna kawiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi zomera zipumula, ndipo zija za masamba onenepa zikhoza kudikira masabata awiri kapena atatu. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba akwanira nchito iyi, kotero simutunga ndowa yapadera. Koma madzi a mchere, a mafuta, kapena a sopo wochapira zobvala musathire. M'dzinja chotsani miphika pamene madzi a denga agwera.

Chomera chinena chokha chimene chikuchibvuta. Masamba achikasu ofewa, ndi tsinde lofewa pansi, ndiwo madzi ochuluka: chizuleni, dulani mizu yonse yakuda, chisiyeni pa mthunzi tsiku limodzi, ndipo chiokeni m'dothi latsopano louma. Masamba okwinyika ndi ofota ndilo ludzu, ndipo achira msanga mukathirira. Chomera chotalika choonda, chopendekera ku zenera, chifuna kuwala. Mawanga oyera kapena ofiirira ouma pa masamba ndiko kupsa ndi dzuwa.

Za malo ache ndi adani ache

Khonde la kum'mawa ndilo labwino, pakuti dzuwa la m'mawa liri lofatsa. Dzuwa la masana ndi la kumadzulo m'mwezi wa Okutobala litenthetsa chitini kufikira mizu ipsa m'kati. Ngati mulibe malo ena, ikani chitinicho m'dengu lakale kapena mu mphika wina. Palibe chomera chikhala moyo mu mdima weniweni. Ngati m'chipinda simungathe kulowetsa ulusi pa singano usana, pamenepo chomeranso sichingakhale.

Nkhuku zipalasa dothi la mu mphika, ndipo mbuzi zidya masamba. Ikani miphika pa thandala, kapena yalani timiyala pamwamba pa dothi. Kuti chiswe chisalowe pa zibowo, khazikani mphika pa miyala itatu ngati mafuwa. Mukaona tizirombo toyera tonga thonje m'mikhwapa ya masamba, tipukuteni ndi kansalu konyowetsa m'madzi a sopo pang'ono, ndipo bwerezani sabata yotsatira. Pfumbi la chirimwe lipukuteni ndi madzi okha.

Machenjezo atatu

Loyamba ndi la udzudzu. Udzudzu uikira mazira m'madzi oima, ndipo m'nyengo yotentha ana ache auluka pakupita sabata imodzi kapena masiku khumi. Tsono ngati muika mbale pansi pa mphika, tayani madzi ache tsiku lomwelo, kapena dzazani mbaleyo ndi mchenga. Ndipo ngati mumeretsa kanthambi m'botolo, sinthani madzi kawiri pa sabata. Nkosayenera kuti chokometsera khonde chisanduke choswera udzudzu pa khomo pogona ana.

Lachiwiri ndi la ululu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali chomera cha masamba akulu a mawanga oyera, dzina lache Dieffenbachia, chochokera ku America. Mwana akatafuna tsamba kapena phesi lache, lilime ndi kukhosi zitupa. Pali chitsamba cha maluwa okongola ofiirira kapena oyera ndi masamba atali oonda, chotchedwa Oleander, chimene chiri ndi ululu wakupha m'masamba, m'maluwa ndi m'nthambi momwe. Musasonkhere moto nkhuni zache. Nkhadze muidziwa kale, kuti mkaka wache uononga maso. Zitatu izi zisakhale pa khonde losewerapo ana. Zamioculcas ndi Sansevieria nazo ziyabwa m'kamwa ndi kubvuta m'mimba zikatafunidwa, kotero ziikeni pamwamba. Mwana akadya chomera chosadziwika, mtsukeni m'kamwa, tengani tsamba lache, ndi kupita nalo ku chipatala.

Lachitatu ndi la utsi. Mudzamva ena akunena kuti zomera ziyeretsa mpweya wa m'nyumba. Mau amenewa anafala kuchokera ku zoyesa za bungwe la NASA ku America m'chaka cha 1989, koma zoyesazo zinachitika m'timabokosi totsekedwa, ndipo anthu ophunzira anaonetsa m'chaka cha 2019 kuti m'nyumba yeniyeni miphika yowerengeka sichita kanthu pa nchito iyi. Utsi wa nkhuni ndi wa mbaula uchoka potsegula chitseko ndi zenera basi, ndipo mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka. Musaopenso kuti chomera chitha mpweya wanu usiku. Chimene chipuma nchochepa ndithu.

Tsono, abale athu, musayambe ndi miphika khumi. Yambani ndi umodzi kapena iwiri pamene mvula yoyamba yagwa, pakuti nthawi imeneyo mphukira zigwira msanga. Mbeu yache pemphani kwa mnansi amene ali nayo, ndipo chanu chikabala, inunso patsani wina. Mphika umodzi mupatse mwana wa msinkhu woyamba sukulu, mumphunzitse kupisa chala m'dothi ndi kudikira; ndipo Okutobala wa chaka chamawa akafika, pa khonde panu padzakhala pobiriwira, ndowa ya amai iri yosachepa.

Tsalani bwino, inu ndi ana anu.