Lamya ya M'manja ndi Chinsinsi cha Amayi

Amayi anzanga, kale chinsinsi cha banja chinkathera kuchipinda. Lero tachiika m'lamya ya m'manja: ndalama za banki m'khonde, uthenga wa kusikelo, ngakhale madandaulo opita kwa ankhoswe.

Lamya zambiri zimene tikugula pa Golomoti ndi pa Mtakataka, monga za Itel ndi Tecno, zimayendera pulogalamu ya Android, ya kampani ya Google. Nzosavuta kugwiritsa ntchito, ndipo WhatsApp imalowamo bwino lomwe. Koma lamya yotere, mukailola, imalemba kumene mwayenda ndi zimene mwafufuza, ndipo kampaniyo imapindula pokuonetsani malonda motsata zomwezo.

Alipo akatswiri ena amene anakonza pulogalamu yosunga pakamwa, yotchedwa GrapheneOS. Anandionetsa ndi mwana wa mlongo wanga wa ku Lilongwe. Iyo siitumiza mbiri yanu kwa Google pokhapokha mutafuna nokha. Tsono vuto nali: imalowa m'lamya za Pixel zokha, zimene mtengo wake mayi wogulitsa usipa sangaufike, ndiponso mapulogalamu ena a mabanki amaikana. Nanga ikavuta, angaikonze ndani pa Mua pano? Siingabisenso dzina lanu kwa eni netiweki, pakuti chiyambire 2018 nambala iliyonse m'Malaŵi muno imalembetsedwa ndi chiphaso.

Kuona kwanga, wotiulula weniweni ali pafupi. Msungichuma wa gulu lathu anasiya lamya yake yosakiya pamalo otchajitsa tsiku la msika. Pofika Lamulungu, mudzi wonse unali utadziwa amene ali ndi ngongole, ndipo mayi wina anakangana koopsa ndi abambo akunyumba kwake kaamba ka ndalama zimene anakongola asanawauze. Mayiyo anatsala pang'ono kutuluka m'gulu.

Tinakhala pansi nkupangana zathu. Lamya iliyonse ikhale yokiya. Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena ya Airtel Money tizilemba ndi chala chathu, osauza wothandiza pakauntala, ngakhale mwana wobala tekha. Chizindikiro choonetsa malo amene tili chizikhala chozima, ndipo pulogalamu ya tochi ikapempha kuona maina a anzathu, tiikanize. Tochi ifuniranji maina?

Kunena za ngongole, tinazichotsa pa WhatsApp. Zinabwerera m'buku, ndipo bukulo likugona m'bokosi lathu la maloko atatu.