Msonkho wa Saluni Umayambira M'kope la Pakauntala

Mu saluni ndalama zimalowa pang'onopang'ono tsiku lonse, n'kumatulukanso chimodzimodzi, moti pofika madzulo mwini wake amadziwa kuti watopa koma sadziwa kuti wapanga zingati. Kasitomala woyamba walipira pamanja, ndalamayo yagulira mayunitsi a magetsi kuti dirayala iyake. Wachiwiri watumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pa nambala yomweyo imene alamu amatumizirapo ya fizi ya ana. Wachitatu ndi wodziwika, wangoti adzapereka mwezi ukatha. Masana mwana wabwera kudzatenga ya ndiwo, ndipo yatuluka m'kabati momwemo. Ine ndimaona kuti mavuto ambiri a msonkho a eni masaluni, ometa, okonza zikhadabo ndi ophoda akwati amabadwira m'kabati imeneyi, kalekale munthu asanaponde pakhomo la ofesi ya MRA. Amene amalemba tsiku ndi tsiku zolowa ndi zotuluka wagwira kale gawo lalikulu la ntchito yokonzekera msonkho, ndipo nthawi zambiri amalipira zochepa kuyerekeza ndi mnzake amene amangosunga zonse m'mutu.

Choyamba tichotse chisokonezo china chofala. Laisensi imene mumadula kukhonsolo ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba ndi chilolezo chochitira bizinesi pamalopo, ndipo ndalama yake imathera kukhonsolo komweko. Msonkho wa zimene mwapeza ndi wina, umatoleredwa ndi bungwe la Malawi Revenue Authority (MRA), limene linayamba ntchito mu 2000. Kumeneko munthu amalembetsa n'kupatsidwa nambala yake, ija ambiri amaitchula kuti TPIN, ndipo masiku ano zambiri zimachitikira pa intaneti kudzera pa Msonkho Online. Chaka cha boma nachonso chinasintha: kuyambira mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Mabizinesi ang'onoang'ono, m'mene muli masaluni ambiri a m'matauni, boma linawakonzera mu 2021 msonkho wotchedwa presumptive tax, umene umangoyang'ana ndalama zonse zolowa pa chaka osachotsapo zimene mwawononga. Pamene unkayamba, wopeza zosapitirira K4 miliyoni pa chaka sankalipira kanthu. Kuchokera pamenepo kufika K7 miliyoni inali K110,000, kufika K10 miliyoni inali K170,000, ndipo kufika K12.5 miliyoni inali K225,000. Manambala otere amatha kusintha pa bajeti, choncho ndi bwino kufunsa a chaka chimenecho musanalipire.

Mamiliyoni amenewa amamveka ngati ndi a anthu ena, koma tawagaweni. Saluni yotsegula masiku asanu ndi limodzi pa sabata imagwira ntchito masiku pafupifupi 312 pa chaka. Ndiye kuti K4 miliyoni ndi ndalama yosakwana K13,000 pa tsiku, ndipo K12.5 miliyoni ndi K40,000 ndi kakang'ono pamwamba. Saluni ya atsikana atatu oluka, yokhala ndi mpando wometera pakona, ikhoza kudutsa malire amenewa mwini wake akudzionabe ngati wamng'ono. Kugwa kwa kwacha kunakankhiranso anthu ambiri m'mwamba mwa malirewa popanda iwo kulemera: ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo meshi, mawigi, mankhwala owongolera tsitsi ndi penti wa zikhadabo, zimene zambiri zimachokera ku Tanzania, South Africa ndi China, zinakwera mtengo nthawi yomweyo. Mwini saluni anakweza mitengo kuti angobweza mpamba, ndalama zolowa zinafufuma, phindu linakhala pomwepo kapena kutsika kumene. Wopanda kope sangadziwe kuti ali m'gulu liti, ndipo akafunsidwa amangotchula nambala yongoganizira, imene ikhoza kumulipiritsa zoposa zoyenera kapena kumuika m'gulu la onama.

Pamene kope limagwira ntchito yaikulu kwambiri ndi pa funso lakuti ndalama imene yalowa ndi ya ndani. M'masaluni mwathu anthu amagwirizana m'njira zosiyanasiyana, ndipo zambiri zimathera pakamwa. Pali mtsikana wolembedwa ntchito amene amalandira malipiro pa mwezi. Pali wina amene amagawana ndi mwini wake pa mutu uliwonse umene waluka. Palinso amene amangobwereka mpando kapena kagome ka zikhadabo, n'kumapereka ndalama yokhazikika pa sabata, makasitomala ali akeake. Pamaso pa wokhometsa msonkho anthu atatuwa ndi osiyana. Wa pa mwezi ndi wantchito, ndipo malipiro ake akapitirira malire osadulidwa msonkho, amene mu Epulo 2024 anakwezedwa kufika pa K150,000 pa mwezi, bwana amayenera kudula msonkho wa PAYE n'kuipereka pofika pa 14 mwezi wotsatira. Ambiri m'masaluni safika pamenepo, komabe pamafunika pepala losonyeza kuti safikadi. Wobwereka mpando uja ali ndi bizinesi yakeyake, ndipo chimene mwini saluni wapeza kwa iye ndi lendi yokha. Tsono ndalama za makasitomala ake zikamagwera m'kabati imodzi kapena pa foni imodzi ndi za mwini saluni, zonse zidzaoneka ngati za mwini saluniyo, ndipo adzasenza msonkho wa ndalama imene sanadyepo. Chimodzimodzi ndi meshi: kasitomala akabwera nayo yekha, saluni yapeza ya manja yokha, koma akaigula pompo, mtengo wake wonse walowa m'zolowa za bizinesi. Kapepala ka mgwirizano kosainirana anthu awiri, ndi nambala ya foni yapadera ya bizinesi, zimathetsa theka la mkangano umenewu.

Wina anganene kuti, poti presumptive tax sayang'ana zowonongedwa, kusunga malisiti n'kutaya nthawi. Zimenezi n'zoona pokhapokha bizinesi ikadali yaing'ono. Bizinesi ikadutsa malire apamwamba aja, msonkho umayamba kuwerengedwa pa phindu, ndipo fomu yake imayenera kuperekedwa pasanathe masiku 180 chaka cha bizinesiyo chitatha. Pamenepo lendi, magetsi, madzi, mafuta a jenereta, malipiro a antchito ndi katundu yense wogwiritsa ntchito zimachotsedwa msonkho usanawerengedwe, koma zokhazo zimene zili ndi umboni. Munthu akalephera kuonetsa mabuku, lamulo limalola a MRA kuyerekeza okha zimene wapeza, ndipo ntchito yotsutsa nambala yawoyo imagwera iyeyo. Adzatsutsa ndi chiyani? Ophoda ndi okonza tsitsi amene amalembedwa ganyu ndi makampani kapena mabungwe ali ndi chifukwa chinanso. Olipira otere amadula msonkho wotchedwa withholding tax asanapereke ndalama, ndipo yodulidwayo imawerengedwa ngati msonkho umene munthu walipiriratu. Amene alibe TPIN ndiponso sanasunge chikalata cha kudulako amangoitaya ndalamayo.

Chodandaula cholemera kwambiri n'chakuti kulemba n'kudziulula, pamene mayi woluka pakhonde kuseri kwa msika sapereka kalikonse, ndipo ndalama za msonkho tinaziona mmene zinasowera pa nkhani ya Cashgate mu 2013. Mkwiyo umenewu ndi womveka, ndipo palinso chilungamo m'dandaulo lakuti msonkho wowerengera zolowa zokha umapweteka bizinesi imene mpamba wake wonse uli mu katundu wogula kunja. Komabe kubisala kwa masiku ano n'kochepa mphamvu. Ndalama iliyonse yodutsa pa foni kapena kubanki imasiya mapazi, ndipo katundu wolowa pa Songwe, Mwanza kapena Dedza amalembedwa dzina la mwini wake. Wosalemba amaoneka ndithu, kungoti alibe poyankhira. Pamene akufuna ngongole yogulira madirayala ena, a kubanki adzafuna kuona mabuku, ndipo ntchito za boma ndi za mabungwe ambiri zimafuna chikalata chosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho. Ngakhale dandaulo lija la msonkho wowerengera zolowa zokha limafuna manambala: Unduna wa Zachuma umamva maganizo a anthu bajeti isanakonzedwe, ndipo eni masaluni amene angaonetse kuti pa K10 miliyoni yolowa amatsala ndi zingati adzamveka bwino kuposa amene angonena kuti zinthu zavuta.

Kope lenilenilo silifuna sukulu ya akaunti. Tsamba lililonse likhale la tsiku limodzi: ntchito imene yagwiridwa, amene waigwira, mtengo, ndi njira imene ndalama yabwerera, kaya pamanja, pa foni kapena pa ngongole. Kumanja kwake zotuluka, kuphatikizapo ija ya ndiwo, yolembedwa poyera kuti mwini wake watenga, chifukwa imeneyo siwerengedwa ngati yowonongera bizinesi. Loweruka madzulo muonkhetse za sabata, n'kupatula kandalama ka msonkho pamalo pake, makamaka m'miyezi ya maukwati ndi Khirisimasi, poti Januwale amabwera ndi mipando yopanda anthu. Malisiti a makina, monga a magetsi ndi a m'mahoselo, amafufutika pakangopita miyezi yochepa, ndipo m'chipinda chotentha ndi madirayala amafufutika msanga kwambiri, choncho ajambuleni pa foni tsiku lomwelo musanawaike mu envelopu ya mwezi umenewo.