Baibulo n'limodzi, mikangano njosatha

Loweruka m'mawa ku Nkhorongo mumzinda wa Mzuzu, ena amakhala akuthamangira kutchalitchi pomwe anansi awo ali pamsika. Lamulungu amasinthana. Onsewa buku lawo n'limodzi, koma nkhani ya tsiku lopembedzera, ubatizo, mowa ndi mitala ikangoyamba, imautsa mapiri pachigwa.

Mikanganoyi si yalero. Amishoni a Livingstonia ataphunzitsa anthu kuwerenga, anthuwo adayamba kufufuza okha ngati zomwe ankamva paguwa zidalidi m'malemba.

Mu 1908, Elliot Kamwana wa ku Nkhata Bay, yemwe adaphunzira kwa amishoniwo, adabwera ndi chiphunzitso cha Watch Tower kuchokera ku South Africa. Pomwe amishoni ankadikiritsa munthu zaka asanam'batize, iye adabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yochepa chabe. Adalalikiranso kuti mu 1914 msonkho ndi ulamuliro wa atsamunda zidzatha. Boma lidamuthamangitsa mu 1909 ndipo adaloledwa kubwerera kwawo mu 1937.

Ena adakana lamulo loletsa mitala, akumaloza kwa Abrahamu ndi Davide, n'kuyambitsa mpingo wa African National Church. Naye mbusa Yesaya Zerenji Mwasi adatuluka mu 1933 podandaula kuti amishoni akukakamira utsogoleri.

Apa zikuonetsa kuti pansi pa mkangano wa vesi pamabisala nkhani za ulamuliro, chikhalidwe ndi umphawi.

Choncho mwana wanu akalowa mpingo wina, musathamangire kum'pitikitsa pakhomo. Yambani mwamufunsa chomwe wakachipeza kumeneko. Pajatu tsiku la maliro, a Sabata ndi a Lamulungu amakumba manda amodzi.