Kuzindikira mbalame ndi akadziwotche

Kuzindikira mbalame ndi akadziwotche ndi ntchito yopeza dzina lenileni la mtundu wa mbalame kapena wa kadziwotche amene munthu waona. Kadziwotche ndi gulugufe wouluka usiku, uja amazungulira nyali. Ambiri ochita ntchitoyi si asayansi koma anthu wamba okonda zachilengedwe, ndipo zimene amalemba zimathandiza ofufuza kudziwa kumene zamoyozi zikupezeka.

Mbalame

Padziko lonse pali mitundu ya mbalame pafupifupi 11,000, ndipo ku Malawi kunalembedwa mitundu pafupifupi 650. Wongoyamba kumene amathamangira kuyang'ana nthenga, koma nthenga zimanyenga: yaimuna, yaikazi ndi mwana wake nthawi zambiri sizifanana. Ozolowera amayamba ndi msinkhu, mlomo, mchira, kaulukidwe, kaliridwe ndi malo amene mbalameyo ili. Nkhwazi sivuta. Zovuta ndi timbalame totuwa ta m'maudzu ta gulu la Cisticola, tomwe timafanana kwambiri moti timasiyanitsidwa bwino ndi kulira kwake.

Maina a Chichewa amathandiza, koma dzina limodzi monga namzeze kapena mpheta limatchula mitundu ingapo, n'chifukwa chake olemba amawonjezera dzina la sayansi. Malo nawonso ndi umboni. Kambalame kotchedwa Apalis flavigularis kamapezeka ku Malawi kokha, m'nkhalango za m'mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa, choncho wonena kuti wakaona ku Karonga ayenera kukhala ndi chithunzi.

Akadziwotche

Kuno ntchito ndi yaikulu, chifukwa mitundu yodziwika ndi pafupifupi 160,000. Chizindikiro choyamba ndi tinyanga: ta gulugufe wa masana tili ndi kachibonga kunsonga, pamene ta kadziwotche timakhala ngati ulusi kapena nthenga. Okonda ntchitoyi amapachika nsalu yoyera usiku, kuyatsa nyali pafupi, n'kujambula zotera pansaluyo. Chithunzi chabwino chimaonetsa mapiko kuchokera pamwamba, ndi chinthu ngati ndalama yachitsulo pambali kuti msinkhu udziwike. Komabe mitundu ina siidziwika ndi chithunzi, mpaka katswiri aunike ziwalo zoberekera kapena DNA. Zikatero ndi bwino kulemba dzina la banja lokha kusiyana ndi kuganizira.

Pali kadziwotche wina amene anthu amamuyesa mbalame. Macroglossum trochilus, wopezeka kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, amauluka masana n'kumaima m'malere patsogolo pa duwa uku akuyamwa timadzi. Ena amati aona hummingbird, koma mbalame imeneyo imapezeka ku America kokha. Kungoona tinyanga nkhani yatha, pakuti mbalame ilibe.

Ntchitoyi imafikanso m'munda. Mbozi yowononga chimanga ya Spodoptera frugiperda ndi mwana wa kadziwotche wochokera ku America. Inaoneka mu Africa mu 2016, ndipo mu Disembala 2017 boma la Malawi linalengeza za ngozi m'maboma 20 chifukwa cha mbozizi. Imadziwika ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu ndi madontho anayi akuda chakumchira. Mlimi woisokoneza ndi kapuchi akhoza kuchedwa kuteteza mbewu zake.

Kulemba zooneka

Chithunzi chopanda tsiku ndi malo phindu lake n'lochepa. Pa eBird, imene inayamba mu 2002 ku Cornell Lab of Ornithology ku United States, anthu amalemba mndandanda wa mbalame zimene aona pamalo amodzi. Pa iNaturalist, ya mu 2008, munthu amaika chithunzi, kompyuta n'kupereka dzina loyerekeza, ndipo anthu ena amavomereza kapena kukonza. Dzina limalandiridwa pamene opitirira magawo awiri mwa atatu a olitchula agwirizana. Kompyuta imaphonya kawirikawiri pa akadziwotche a mu Africa, chifukwa zithunzi zimene inaphunzirirapo zambiri ndi za ku Ulaya ndi ku North America.